Moto ukakana kuyaka: kuchokera ku Kaphirintiwa kufika pa chigubu cha gasi

Munthu akaima pa Mitundu kunja kutayera bwino amaona mapiri a Dzalanyama atandanda chakumadzulo. M'mapiri amenewo muli Kaphirintiwa, pomwe Achewa amati anthu oyamba adatsikira pamodzi ndi Chauta ndi nyama zonse. Nthano imati mtendere udatha tsiku lomwe munthu adapeka timitengo tiwiri, kofewa ndi kolimba, moto n'kubuka. Tchire lidapsa, nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi n'kuthawira kwa munthu, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude.

Kupeka moto sikudali masewera. Kamtengo kolimba ankakapota pakati pa zikhatho, nsonga yake ili pa kabowo ka mtengo wofewa, mpaka fumbi lakuda litayamba kufuka. Ukakana, chifukwa chake chinkadziwika: mtengo wanyowa, kapena manja atopa msanga fumbi lisanatenthe. N'chifukwa chake m'mudzi sankalola kuti moto uzime. Chikuni chachikulu chinkagona pa mafuwa usiku wonse, chokwiriridwa ndi phulusa, ndipo mayi akadzuka mbandakucha ankangofukula khala, kuikapo udzu wouma kapena zitsononkho, n'kuuzira. Chikazimiratu, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi. Palibe ankamana mnzake moto. Mwambowu udazama mpaka udabala mawu omwe akumvekabe lero, akuti wakuti wapala moto kudambwe, kunena munthu amene waputa mlandu woposa msinkhu wake.

Machesi, omwe John Walker adayamba kupanga ku England mu 1826, adafika kuno ndi azungu a mishoni ndi amalonda. Mishoni ya Nkhoma, kum'mawa kwa Nathenje, idakhazikitsidwa mu 1896, ndipo m'zaka zotsatira magolosale adayamba kumera m'mphepete mwa msewu wa ku Dedza. Pambuyo pake bokosi la Leopard lidalowa pafupifupi m'khitchini iliyonse. Vuto lake lidali chinyezi cha m'dzinja: ankalisomeka kudenga la khitchini, komwe utsi unkaliumitsa.

Aphunzitsi ndi akalaliki a boma ndiwo adayamba kulawa moto wa makina. Pulayimasi ya palafini, yomwe idachokera ku Sweden m'ma 1890, inkafuna kuipopa ndi kuitenthetsa kaye, ndipo kabowo kake kotulukira mafuta kakatsekeka ndi mwaye, inkangofuka. Mwini wake ankasunga kawaya kothothorera ngati chuma.

Koma nkhuni ndizo zidapitiriza kulamulira, ndipo zidali ndi ntchito zambiri. Kuyambira m'ma 1920 alimi a ku Lilongwe adalowa mu ulimi wa fodya wa chikopa, wofukiza ndi utsi m'zigafa, ndipo mitengo idayamba kuchepa. Mzinda utasanduka likulu mu 1975, njala ya makala idakula. Nkhalango ya Dzalanyama, yotetezedwa kuyambira 1922 komanso gwero la mtsinje wa Lilongwe, idayamba kutuluka panjinga, thumba pamwamba pa thumba, usiku ndi usana. Mu 2015 mpaka asilikali adatumizidwa kukailondera. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mabanja pafupifupi 77 pa 100 alionse ankaphikira nkhuni, ndipo 18 ankaphikira makala.

Apa m'pamene gasi wa m'zigubu akulowera. Boma lidachotsa msonkho wa VAT pa gasiyu mu 2019, bungwe la MERA ndilo limaika mtengo wake, ndipo m'nyumba zina za ogwira ntchito ku Bunda, anamwino ndi eni mashopu, chigubu chaima pambali pa mbaula.  Koma chitofu cha gasi chikakana kuyaka, mwini nyumba amatsala yekha.

Zifukwa zake sizambiri. Choyamba n'kunyamula chigubu kuti amve kulemera: kawirikawiri gasi wangotha. Ngati alimo, mwina regulator yolumikiza paipi ku chigubu sinakhale bwino pakamwa pa chigubucho, kapena paipi yapindika. Kabatani koyatsira kakamalira kuti "tche, tche" koma osatulutsa kamoto, ndiye kuti nsonga yake yanyowa kapena yamatidwa ndi mafuta. Kuipukuta kumathandiza, apo ayi machesi amayatsa bwinobwino. Phala la nsima likasefukira limatseka timabowo ta chitofu, monga momwe mwaye unkachitira pa pulayimasi, ndipo lawi limatuluka lachikasu, lodetsa mapoto, m'malo mwa lobiriwira ngati thambo.

Choopsa ndi chizolowezi chakale. Pa mafuwa, moto ukakana munthu amayandikira, kuwerama n'kuyesanso. Pa gasi, kupitiriza kukhwatcha machesi batani lili chotsegula n'kuitana ngozi, chifukwa gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya ndipo amadikha pansi. Fungo lake likamveka, chofunika n'kutseka pachigubu, kutsegula zitseko ndi mawindo, osayatsa chilichonse. Pomwe gasi akuthawira amapapeza ndi thovu la sopo, lomwe limafufuma pamalopo.

Nzeru zimenezi zikuyenda pang'onopang'ono kuposa zigubuzo, ndipo n'zomvetsa chisoni, pakuti banja lomwe chitofu chalikana kawiri limabwerera ku makala a Dzalanyama osayang'ananso m'mbuyo. Gasi akatha Lachisanu madzulo pa Nathenje, ambiri amayenera kudikira ulendo wa m'tauni, chigubu chili pa minibasi. Usiku umenewo mbaula imatulutsidwa kuseri kwa chitseko, ndipo ngati machesi nawonso atha, mwana amatumidwa kwa anansi ndi chivundikiro cha poto kukapala makala awiri.