Chitupa cha ku Mauritius

Mwezi woyamba ku Mauritius ndinkayenda ndi pasipoti m'thumba la malaya tsiku lililonse. Palibe anandifunsa. Apolisi ambiri amene ndinkakumana nawo mu Port Louis analibe mfuti, ntchito yawo inali yowongolera magalimoto basi. Masana unkampeza wapolisi ali pamzere wa dholl puri, akudikira ngati wina aliyense. Nditamva kuti dzikoli lilibe gulu la nkhondo, kuti a Special Mobile Force ndi olondera nyanja onse ali pansi pa mkulu wa apolisi, ndinati eee, kuno ndiye kumtendere.

Mnzanga wina, mdzukulu wa amwenye odula nzimbe, anaseka ataona ndikusisita thumba lija. "Achimwene, mwachedwa. Zimenezo ankachita ndi makolo anga."

Nkhani yake ili motere. Ukapolo utathetsedwa pa 1 February 1835, eni minda ya nzimbe anadalira antchito ochokera ku India, obwera pa kontirakiti. Amene ankawasowetsa tulo anali munthu womaliza kontirakiti yake, chifukwa ameneyo akanatha kukana kubwerera kumunda n'kuyamba kageni kake. Ndiye mu 1867 kunabwera lamulo. Mmwenye aliyense womaliza kontirakiti azinyamula chitupa chokhala ndi chithunzi chake, kuphatikizapo chiphaso cha apolisi chonena dera limene akukhala. Akampeza alibe, kapena wadutsa malire a dera lake, ameneyo ndi woyendayenda. Ankawasakasaka m'midzi ngati nyama n'kukawatsekera ku Vagrant Depot ya ku Grand River North West, yotsegulidwa mu 1864. Ndikuwerenga zimenezi ndinakumbukira agogo anga, amene mpaka ukalamba ankasunga chitupa chawo cha ku Salisbury m'kachitini.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti amene anayambitsa phokoso anali wobwera ngati ine. Adolphe de Plevitz, mzungu woyang'anira munda ku Nouvelle Découverte, anaona zonsezi ndipo sanangodandaulira m'nyumba. Mu 1871 analemba chikalata cha madandaulo, anthu oposa 9,000 anasainira kapena kuikapo chizindikiro, n'kuchipereka kwa bwanamkubwa Arthur Gordon. Azungu anzake anamuda koopsa, wina mpaka anam'menya poyera mu Port Louis. Koma mu 1872 Britain inatumiza komishoni yofufuza, ndipo mu 1878 lamulo la ntchito linasinthidwa. Mwini wake anali atasamukira kale ku Fiji.

Ine kulimba mtima kotero ndilibe, ndisaname. Chilolezo changa chokhalira kuno chimatha ntchito, ndipo wobwera amaphunzira msanga kuyang'ana kumbali.

Musaganize kuti zonse zinathera m'zaka za m'ma 1800. Pa 21 February 1999 woimba wa seggae, Kaya, anapezeka atafa m'chitokosi cha apolisi ku Line Barracks, atamangidwa chifukwa chosuta chamba pa konsati ku Rose Hill. Ambiri, makamaka Akiliyo, zidzukulu za akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku Mozambique, anakhulupirira kuti anamenyedwa. Zipolowe zinatenga masiku angapo, ndipo woimba wina, Berger Agathe, anafa ataomberedwa.

Dzana tinadutsa pa Line Barracks ndi mnzanga uja. Mpanda wake ndi wamiyala yakuda, wa nthawi ya Afalansa. Iye anali pakati pa nkhani ya mpira, anangoti zii. Anayambiranso kulankhula titafika pa siteji ya basi.