Madontho a pansi pa lilime: mbiri ya mafuta a chamba oyezedwa

Mu 1963, katswiri wachinyamata wa sayansi, Raphael Mechoulam, anakwera basi ku Tel Aviv atanyamula makilogalamu 5 a utomoni wa chamba m'chikwama. Anampatsa ndi apolisi, amene anaulanda kwa anthu ozembetsa. M'basimo anthu anayamba kununkhiza uku ndi uku, kufunsana kuti fungoli ndi la chiyani. Iye anangoti phee mpaka kukafika ku Weizmann Institute, mumzinda wa Rehovot, kumene ankagwira ntchito.

Funso limene linkamusowetsa tulo linali lakale: kodi m'chamba muli chiyani kwenikweni? Morphine anali atadziwika kalekale, cocaine nayenso, koma mtengo umene anthu akhala akuusuta ndi kuumwa kwa zaka zikwizikwi unali usanaulule chinsinsi chake.

Sikuti madokotala anali asanauyesepo. Mu 1839, dokotala wa ku Ireland, William O'Shaughnessy, ali ku Calcutta ku India, analemba za momwe ankaperekera madzi a chamba kwa odwala nyamakazi, kafumbata, kolera ndi ana okomokakomoka. Posakhalitsa timabotolo ta mankhwalawa tinadzaza m'masitolo a mankhwala ku Britain ndi ku America. Koma panali vuto limodzi lalikulu. Botolo la mwezi uno linkatha kumugoneka munthu tsiku lathunthu, la mwezi wamawa osamva nalo kanthu. Palibe ankadziwa mphamvu yake, chifukwa palibe ankadziwa choti ayeze. Kutabwera aspirin mu 1899, ndiponso jakisoni atafala (chamba sichisungunuka m'madzi, choncho sichikanaperekedwa pa jakisoni), madokotala anachitaya. Pangano la United Nations la 1961 lokhudza mankhwala ozunguza bongo linangotseka chitseko chimene chinali chitatsekeka kale.

Apa ndi pamene utomoni wa m'basi uja unagwira ntchito. Mu 1963 momwemo Mechoulam anafotokoza kapangidwe ka CBD, mmodzi mwa mankhwala opezeka m'chamba, amene Roger Adams wa ku America anamupatula koyamba mu 1940. Chaka chotsatira, iye ndi mnzake Yechiel Gaoni anapatula THC, amene ndiye amaledzeretsa. Awiriwa ali ngati ana a mimba imodzi osiyana mtima. THC amachepetsa ululu, amafewetsa minofu yokungika, amabweza chilakolako cha chakudya, komanso ndi yemweyo amene amazunguza mutu ndi kuchititsa mantha. CBD saledzeretsa.

Ganizo lowaphatikiza linakulira ku Brazil. Mu 1982, Antonio Zuardi ndi anzake anapatsa anthu THC yekha, kenako THC pamodzi ndi CBD, n'kupeza kuti nkhawa imene THC amabweretsa inachepa CBD atalowapo. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa kwambiri, koma anafesa mbewu.

Amene anaikolola ndi odwala matenda a multiple sclerosis ku Britain. Matendawa amawononga mitsempha, miyendo n'kuuma gwaa, usiku munthu osaona tulo chifukwa cha kukokana kwa minofu. Ena mwa odwalawa ankagula chamba mobisa, ena mpaka kukaonekera kukhoti ali pa njinga ya olumala. Mu 1998 komiti ya House of Lords, gawo la nyumba ya malamulo ya ku Britain, inati madokotala aloledwe kupereka chamba ngati mankhwala. Boma linakana, koma chaka chomwecho linapereka chilolezo kwa Dr Geoffrey Guy ndi kampani yake ya GW Pharmaceuticals kuti alime chamba cha kafukufuku. Iwo analima mitundu iwiri, wina wodzala ndi THC, wina wodzala ndi CBD, n'kusakaniza madzi ake. Zotsatira zake ndi Sativex, mankhwala opopera m'kamwa. Kupopera kamodzi kumatulutsa mamiligalamu 2.7 a THC ndi 2.5 a CBD, lero, mawa ndi chaka chamawa chimodzimodzi. Canada inawavomereza mu 2005, Britain mu 2010. Chimene O'Shaughnessy ankachisowa chinali chitapezeka: muyezo.

Mafuta amene madokotala a ku Canada, Germany ndi Australia amalembera odwala masiku ano anatsata njira yomweyo. Pabotolo pamalembedwa manambala ngati 10:10, kutanthauza mamiligalamu 10 a THC ndi 10 a CBD pa mililita iliyonse. Wodwala amakoka pang'ono ndi kasirinji kopanda singano, n'kudonthezera pansi pa lilime, kawirikawiri madzulo. Amayamba ndi muyezo wochepetsetsa, n'kumawonjezera pakapita masiku. Mafutawa sathamanga ngati utsi. Pamatha ola limodzi kapena awiri asanayambe kumveka, ndipo akagwira amakhala m'thupi maola ambiri. Ena amene amavutika nawo ndi aja osaleza mtima, amene amabwereza msanga poganiza kuti sanagwire.

Tisanamizane, manambala ofanana ngati 10:10 sakutanthauza kuti THC wathyoledwa mano. Mu 2022 akatswiri a ku King's College London anapeza kuti kuwonjezera CBD m'chamba chokoka ndi mpweya sikunateteze anthu ku mavuto a THC. N'chifukwa chake amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso anthu amene anadwalapo misala, sapatsidwa mankhwalawa. Chizungulire, tulo ndi kuuma m'kamwa zimachitika, ndipo amene wayamba kumene asayerekeze kugwira chiwongolero.

Nkhaniyi ikutikhudza. Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale mu February 2020, ndipo kunabadwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kokha n'koletsedwabe. Tikamakamba za chamba kuno timathamangira za ndalama zakunja, za kulowa m'malo mwa fodya, za kutchuka kwa chamba cha Malawi Gold. Za odwala athu, aja ogona kunyumba ndi ululu wa khansa, sitizikamba mokwanira. Ndipo chamba cha kumadera otentha ngati kwathu chimakhala ndi THC wambiri, CBD wochepa, kotero kuchinyika m'mafuta ophikira sikupanga mankhwala a 10:10.

Mechoulam anamwalira mu March 2023 ali ndi zaka 92. Inu amene muli ndi wodwala pakhomo, wina akakubweretserani kabotolo ka mafuta a chamba kopanda chizindikiro, kopanda manambala, musam'mwetse. Pitani nako kwa dokotala kaye.