Differ

*Differ* ndi mneni wa m'Chingerezi amene ali ndi matanthauzo awiri akuluakulu. Tanthauzo loyamba ndi kusiyana, kunena kuti zinthu ziwiri kapena zingapo sizikufanana maonekedwe, kukula, kuchuluka kapena khalidwe. Lachiwiri ndi kusiyana maganizo, pamene anthu sakugwirizana pa nkhani ina yake. Mneniyu amapezeka kwambiri m'zolemba monga mabuku a sukulu, mafunso a mayeso, nyuzipepala ndi zigamulo za makhoti. Pocheza wamba, eni chilankhulochi amakonda kunena *be different* kapena *disagree*.

Chiyambi chake

Mawuwa anachokera ku mneni wa Chilatini wakuti *differre*, wopangidwa ndi *dis-*, kutanthauza padera, ndi *ferre*, kutanthauza kunyamula. Motero tanthauzo lake lenileni linali kunyamula zinthu n'kupita nazo mbali zosiyana. Anadzera m'Chifalansa chakale, ndipo anayamba kuoneka m'zolemba za Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Iyi inali nthawi imene mawu ambiri a Chifalansa ankalowa m'Chingerezi, kutsatira kugonjetsedwa kwa England ndi anthu a ku Normandy mu 1066.

Pa Chilatini, *differre* ankatanthauzanso kuzengereza kapena kukankhira chinthu m'tsogolo. Chingerezi chinatenga matanthauzo onsewa, ndipo poyamba anali a mawu amodzi. Patapita nthawi mawuwo anagawanika: *differ* anatsala ndi tanthauzo la kusiyana, pamene *defer* anatenga la kukankhira m'tsogolo. N'chifukwa chake mawu awiriwa amafanana kwambiri mpaka lero.

Katchulidwe ndi kalembedwe

Onse awiri ali ndi maphatikizo awiri. Potchula *differ* mawu amatsindika pa phatikizo loyamba, pamene potchula *defer* amatsindika pa lomaliza. Munthu amene sanazolowere kutsindika kotere amawamva ngati mawu amodzi, ndipo vutoli limaonekera polemba. Wophunzira wa pakoleji amene akupempha kuti ayambe waima kaye maphunziro chaka chimodzi ayenera kulemba *I wish to defer my studies*. Akalemba *differ* pamenepa, chiganizocho chilibe tanthauzo.

Kutsindikaku ndi kumenenso kumalamula kalembedwe. Mneniyu amasintha kukhala *differs*, *differed* ndi *differing*, ndipo lembo la r limakhala limodzi basi. Chimodzimodzi *offered* ndi *suffered*, amenenso anachokera ku *ferre* yemweyo. Koma aneni otsindika kumapeto amabwereza r, monga *deferred*, *preferred* ndi *referred*.

Kusafanana kwa zinthu

*Differ* ndi mneni wosayambukira, ndiye kuti satsatidwa ndi pamtherankhani. Mwininkhani akakhala zinthu zambiri, mneniyu amatha kuima yekha, monga *Opinions differ*, kutanthauza kuti maganizo a anthu amasiyana. Akakhala chinthu chimodzi chimene chikuyerekezedwa ndi chinzake, pamafunika mperekezi *from*. Chitsanzo ndi *Lusaka Nyanja differs from Malawian Chichewa*, kunena kuti Chinyanja cha ku Lusaka chimasiyana ndi Chichewa cha ku Malawi.

Aperekezi ena amaonjezera mfundo. *In* amatchula mbali imene zinthuzo zasiyanira, monga *The twins differ in height*, mapasawo asiyana msinkhu. *By* amatchula kukula kwa kusiyanako. Mwachitsanzo, nthawi ya ku Lilongwe imatsogola ya ku London ndi maola awiri mwezi wa Januwale, koma ndi ola limodzi lokha mwezi wa Julaye, poti dziko la Britain limasuntha mawotchi ake nyengo yotentha. Pa Chingerezi munthu anganene kuti *In January the two times differ by two hours*. Palinso kanenedwe kakuti *differ from place to place*, komwe kamafanana ndi mneni *vary*, ngakhale kuti *vary* amanenanso za chinthu chimodzi chimene chikusinthasintha, pamene *differ* amafuna zinthu zoyerekeza.

Pa tanthauzo ili mneniyu amafotokoza mmene zinthu zilili, osati ntchito imene ikuchitika. Choncho *The colours are differing* sichimveka bwino kwa eni chilankhulo, iwo amangoti *The colours differ*. Komabe *differing* amagwira ntchito ngati mfotokozi popanda vuto, monga mu *differing views*.

Kusiyana maganizo

Tanthauzo lachiwiri limakhudza anthu, kapena magulu a anthu monga zipani, mipingo ndi oweruza milandu. Munthu amene wina wasiyana naye amatchulidwa pambuyo pa *with*, ndipo nkhani imene asiyanirayo imabwera pambuyo pa *on*, *over* kapena *about*. Chiganizo chakuti *The chief differed with the elders over the boundary* chikunena kuti mfumu inasiyana maganizo ndi akuluakulu pa nkhani ya malire.

*From* amalowanso pano, koma amabweretsa chisokonezo. *She differs from her sister* angatanthauze kuti sagwirizana maganizo ndi mchemwali wake, koma ambiri akamva amaganiza kuti awiriwo sakufanana nkhope kapena mtima. Wolemba wosamala amasankha *with* akafuna kunena za maganizo.

Mawuwa ndi ofatsa poyerekeza ndi *argue* kapena *quarrel*. Anthu angathe kusiyana maganizo popanda kukangana, ndipo *differ* sanena kuti panali phokoso. Pa chifukwa chimenechi pali zonena ziwiri zodziwika bwino. *I beg to differ* ndi njira yaulemu yokanira zimene wina wanena, ngati mmene pabwalo munthu amayambira ndi "pepani" asanatsutse akulu. Masiku ano ena amazinena mwanthabwala kapena monyodola, choncho si nthawi zonse pamene zimaonetsa ulemu. *Agree to differ* ndi kuvomerezana kusiya mtsutso aliyense ali ndi maganizo ake. Kanenedwe aka ndi kofala ku Britain, pamene ku America amakonda *agree to disagree*.

Kuyerekeza ndi Chichewa

Ku Malawi, kumene wophunzira sangalandire satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, zolakwa zambiri pa mneniyu zimachokera ku kamangidwe ka Chichewa. Mneni wakuti kusiyana anachokera ku kusiya, ndipo msintho wochitirana ndi umene unaonjezera -an-. Amatsatidwa ndi mawu oti ndi, kaya nkhani ndi ya zinthu kapena ya anthu: chimanga chimasiyana ndi mapira, Phiri anasiyana maganizo ndi Banda. Popeza ndi ameneyu nthawi zambiri amamasuliridwa kuti *with*, wophunzira amalemba *Maize differs with sorghum*, ngati kuti mbewuzo zili pa mtsutso. Choyenera ndi *from*.

Chinanso, Chichewa chimapanga kusiyanitsa kuchokera ku kusiyana pongosintha tsinde lomwelo. Chingerezi cha lero sichilola *differ* kugwira ntchito imeneyi, ngakhale kuti kalekale ankatero. Funso la mayeso lofuna kuti munthu asiyanitse zinthu ziwiri limagwiritsa ntchito *differentiate* kapena *distinguish*, kapenanso limafunsa kuti *How does a frog differ from a toad?* Kulemba *Differ a frog and a toad* ndi kulakwa, ndipo *is differed* kulibe.

Kusiyana kwa Chichewa kulinso ndi ntchito zina zimene *differ* sazifikira. Anthu akati "tinasiyana pa depoti" akunena za kupatukana, ndipo Chingerezi chake ndi *part*. Akati mwamuna ndi mkazi anasiyana, ndiye kuti banja linatha, zomwe ndi *separate* kapena *divorce*. Ndipo mu "Mulanje ndi lalitali kusiyana ndi Zomba", mawu oti kusiyana ndi akugwira ntchito ya *than*.

Mawu a tsinde lomwelo

Mfotokozi wake ndi *different*, dzina ndi *difference*, muonjezi ndi *differently*. Pa masamu, *difference* ndi yankho la kuchotsera: 9 kuchotsa 4 yankho ndi 5. Mfotokozi *different* amalola aperekezi angapo. *Different from* amavomerezeka kulikonse, *different to* amamveka kwambiri ku Britain, ndipo *different than* ku America. Ufulu umenewu mneni alibe, chifukwa *differ to* ndi *differ than* sizivomerezeka m'Chingerezi cholemba. *Indifferent* amaoneka ngati wotsutsana ndi *different*, koma satanthauza kufanana, amanena za munthu wosalabadira kapena chinthu chosakoma kwenikweni.