Kucoka ku Mokambo Kufika ku Soweto: Mbili ya Salaula na Thumba Lathu

Pa Ciwelu m'mawa ku Soweto Market, amai ogulitsa akangodula mawaya a belo, anthu amaunjikana monga pacitika ngozi. Wina wakoka jinzi, wina jekete, wina ayeza delesi pamwamba pa zovala zimene wavala. Ambili a ife tinakulila pa mulu umenewu. Yunifomu inali yosoketsa kwa telala, koma juzi ya mu June, nsapato za ku chechi na shati imene tinavala pokafunsila nchito yoyamba, zonse zinacoka m'belo. Koma mnzathu akatifunsa kuti tagula kuti, timachula shopu ya ku Manda Hill. Ena a ife tafika potenga kaloba kapena nkhongole ya pafoni kuti tigule covala ca tsiku limodzi, ca kichini pate, cithunzi cikwele pa Facebook, ndiye mwezi wonse tidya nsima na ndiwo zamasamba cabe. Manyazi amenewa ali na mbili yake, ndipo inayamba ambuya athu akali acicepele.

Nkhani iyambila ku migodi. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, katswili wina dzina lake Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anafufuza umoyo wa anthu ogwila nchito ku Broken Hill, kumene lelo ni Kabwe. Anapeza kuti gawo lalikulu la ndalama zimene anali kulandila linali kuthela ku zovala. Wina angaganize kuti anali osasamala, koma umoyo wawo unali wosiyana na wathu. Mgodi unali kuwapatsa pogona na phoso, conco lendi na unga sizinali kudya malipilo awo. Munthu wakuda sanali kuloledwa kugula nyumba m'tauni, ndipo banki sinali yake. Covala ndiye cinali cuma cimene akanatha kunyamula. Ambili anali na bokosi ku sitolo, mmene anali kuikamo nsalu, bulangete kapena jekete mwezi ulionse, mpaka tsiku lobwelela kumudzi. Kumeneko zovalazo zinali mphatso kwa apongozi, malipilo a wolima m'munda, na umboni wakuti ulendo sunapite pacabe. Kwa iwo kugula malaya kunali kusunga ndalama.

Panalinso nkhani ya ulemu. M'masitolo ambili a azungu, munthu wakuda anali kugulila pawindo, osalowa mkati. Wocitilidwa zaconco akavala suti yosita bwino pa Sondo, anali kuonetsa kuti nayenso ni munthu. Clyde Mitchell, amene analemba za gule wa kalela ku Luanshya mu 1956, anaona kuti ovina anali kufika atavala mathalauzi osita na nsapato zopolisha, ngakhale kuti ambili anali kugwila nchito zonyozeka. Cikondi cathu ca kuvala bwino cinacokela kumeneko.

Zovala zovalidwa kale zinalipo ngakhale nthawi imeneyo. Zambili zinali kulowa kucokela ku Congo, kudzela pa boda ya Mokambo pafupi na Mufulira, ndipo anthu anangozicha dzina lomwelo, mokambo. Dzina lakuti salaula linafala pambuyo pake. Ni liwu la Cibemba, lotanthauza kusankha povundula mulu. Abale athu a ku Malawi amati kaunjika, ndipo ku Chipata mudzamva maina onse awili.

Titalandila ufulu mu 1964, boma la a Kenneth Kaunda linafuna kuti tizivala zopanga tekha. Pambuyo pa malamulo a zacuma amene analengezedwa ku Mulungushi mu 1968, boma linagula magawo m'makampani ambili na kucepetsa katundu wolowa kucokela kunja. Kafue Textiles inali kuluka nsalu na vitenge. Ku Livingstone kunali mafakitale ambili osoka zovala, ku Luanshya kampani ya Serioes inali kusoka masuti, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 fakitale ya Mulungushi Textiles, yomangidwa na thandizo la China, inayamba nchito ku Kabwe. Anthu masauzande anali kulandila malipilo m'mafakitale amenewa. A Kaunda nawonso anali kuvala safari suti yopanda tayi, imene m'maiko ena mpaka lelo amaicha Kaunda suti.

Zonsezi zinali kudalila mkuwa. Mtengo wa mafuta unakwela mu 1973, wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo ndalama zakunja zogulila utoto, ulusi na zitsulo za makina zinayamba kusowa. Makolo athu amakumbuka mizele ya sopo na saladi pa ZCBC na NIEC. Mu October 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okishoni. Dola imene inali pa makwacha awili na pang'ono inafika pafupifupi makwacha 20 pofika mu 1987. Mtengo wa unga utakwela, anthu anaukila ku Copperbelt mu December 1986, na ku Lusaka mu June 1990. Banja limene likulephela kugula thumba la unga silingaganize za shati ya mu shopu. Mabelo anayamba kuculuka m'misika m'zaka zimenezo.

A Frederick Chiluba na MMD atapambana cisankho ca mu October 1991, malamulo oletsa katundu wakunja anafewetsedwa. Mitengo ya zinthu inali kukwela na mapelesenti oposa 100 pa caka mu 1992 na 1993, makampani a boma anali kugulitsidwa, ndipo anthu ambili anacotsedwa nchito. Amene analandila kandalama kotsazikila nchito anagula belo n'kukhala pamsika. Conco salaula inathandiza mbali ziwili: inaveka osauka, inapatsanso nchito amai, amasiye na anyamata osowa pogwila. Ku Soweto, ku Kamwala, ku Chisokone ku Kitwe na ku Kapata ku Chipata, mizele ya salaula inakula mpaka kupitilila malo a ndiwo. Ngakhale aphunzitsi, manesi na makalaliki, amene poyamba anali kubwela mobisala, anayamba kusankha masana dzuwa likuswa mtengo. Karen Tranberg Hansen, amene anafufuza malonda amenewa kwa zaka zambili, anatulutsa buku lochedwa Salaula mu 2000, ndipo anaonetsa kuti anthu a mu Zambia sanali kungotola ciliconse. Anali kuyang'ana msoko, nsalu na kakhalidwe ka covala pathupi, n'kupeleka kwa telala kuti acikonze.

Koma walila mvula walila matope. M'zaka zomwezo mafakitale athu anatseka imodziimodzi. Livingstone inakhala cete. Mulungushi Textiles inaima, inatsegulidwanso mu 1997 mogwilizana na kampani ya ku China, ndipo inaimanso mu 2007. Eni mafakitale anaimba mlandu salaula. Mlanduwo uli na coonadi cake, koma si wonse. Makina anali okalamba, ciwongoladzanja ca ku banki cinali pamwamba, ndipo zovala zatsopano zochipa za ku Asia na South Africa zinali kulowa pa nthawi imodzimodzi. Cotsatila cake ticiona lelo: thonje la ku Katete, Petauke na Chipata limacotsedwa njele n'kutumizidwa kunja, ena aluke, ena asoke, ena avale, ndipo ife tigula shati pamene yatopa kale.

Maiko ena anayesa njila ina. Mu 2016 maiko a East African Community anagwilizana zothetsa zovala zakale pofika 2019. America, imene imagulitsa mabelo ambili, inaopseza kuti idzawacotsela mwai wa malonda wa AGOA. Kenya, Uganda na Tanzania anabwelela m'mbuyo. Rwanda inalimbikila, ndipo mu 2018 inataya mwai wotumiza zovala ku America popanda msonkho. Nkhani imeneyi itiphunzitsa kuti belo si mphatso. Covala cimene munthu anapeleka kwaulele ku London kapena ku Toronto cimagulitsidwa kwa makampani osankha, cimapanikizidwa m'belo la makilogilamu 45, cimakwela sitima mpaka ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, ndipo pa sitepe iliyonse pali wodyapo. Wotsiliza ni amai aja a ku Soweto, amene amagula belo lomanga osadziwa zili mkati. Likatuluka loipa, ndalama ya cilimba yapita.

Nanga ife acicepele a lelo titengapo ciani? Coyamba, umoyo wa ambuya athu a ku Broken Hill si wathu. Iwo anali kudya phoso la mgodi, ndipo jekete inali kusunga mtengo wake kwa zaka. Ife tilipila lendi, mayunitsi a malaiti, minibasi na mabando, ndipo shati imene tagula lelo, mawa palibe angaigule ngakhale pa theka la mtengo. Covala cinaleka kukhala banki. Ndiye cifukwa cake cifunika kubwela pambuyo pa lendi, unga na kandalama kosunga. Kucitengela nkhongole ni kulipila ciwongoladzanja pa cinthu cimene cikutha mtengo tsiku lililonse.

Caciwili, makolo athu a m'zaka za m'ma 1990 anatisiyila luso limene tiyamba kuiwala. Anali kudziwa kuti tsiku lotsegula belo ni la zabwino koma zodula, ndipo pakapita masiku mtengo umatsika, conco ca ku ofesi anali kugula tsiku loyamba, ca panyumba tsiku lothela. Anali kutembenuza covala kuona msoko, kuyesa zipi, kuyang'ana kolala na m'khwapa. Anali kuwelenga mtengo malinga na masiku ovala. Tiyelekeze nsapato ya cikumba ya K300 imene tivala zaka ziwili, na ina yonyezimila ya K150 imene isomoka pakatha miyezi itatu. Yochipa ni yoyamba ija. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Analinso na telala wawo m'komboni, wodziwa kucepetsa thalauzi, kutembenuza kolala na kusandutsa citenge cimodzi kukhala delesi ya zaka zisanu. Ndalama imene tipatsa telala wa ku Kalingalinga kapena ku Chawama imagula unga mommuno, ndipo pa unyolo wonse wa zovala ndiyo mbali imene ikali m'manja mwathu.

Funso la mafakitale likali pamenepo, ndipo ofuna mavoti athu afunika kuliyankha: thonje lathu lidzalukidwa liti kuno kwathu? Poyembekezela yankho, tisacite manyazi na mulu umene unaveka dziko lino pamene kwacha inagwa. Mnzathu akafunsa kuti jekete iyi tagula kuti, timuuze zoona, kuti ni pa Soweto, mzele wacitatu, ndipo abwele m'mawa belo lisanathe.