Mawu achibale m'Chingerezi ndi kusiyana kwa matanthauzo awo

Mawu achibale m'Chingerezi ndi mawu awiri kapena atatu oloza chinthu chimodzi kapena ochokera ku muzu umodzi koma osagwiritsidwa ntchito mofanana. Chitsanzo ndi ask, question ndi interrogate. Onsewa ndi kufunsa, koma loyamba ndi la pakhomo, lachiwiri limamveka kwambiri kuofesi ndi kukhoti, pomwe lachitatu ndi la apolisi akamapanikiza munthu ndi mafunso. Ambiri mwa mawu otere alipo chifukwa Chingerezi chidatola mawu ku zilankhulo zingapo pa nthawi zosiyana.

Mbiri

Chilankhulochi chidafika ku Britain m'zaka za m'ma 400 ndi mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes yochokera kumpoto kwa Germany ndi Denmark. Mawu a tsiku ndi tsiku monga house, cow ndi eat ndi a nthawi imeneyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 700 kudayamba kufika ma Viking, ndipo mawu awo adakhala pambali pa akale. Shirt ndi skirt ndi a muzu umodzi, loyamba la eni dziko, lachiwiri la alendowo.

Zinthu zidasinthiratu mu 1066 pamene William wa ku Normandy, dera lolankhula Chifalansa, adagonjetsa Mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings. Kwa zaka pafupifupi 300, kunyumba yachifumu ndi kumakhoti kunkamveka Chifalansa, anthu wamba akulankhulabe Chingerezi chawo. Mu 1362 kudakhazikitsidwa lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi, koma apa n'kuti mawu achifalansa atamera kale mizu. Ophunzira a m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 adawonjezanso ambiri ochokera ku Chilatini. N'chifukwa chake chinthu chachifumu chingatchedwe kingly, royal kapena regal.

Mayina a ziweto ndiwo amatchulidwa kawirikawiri monga chitsanzo. Ng'ombe ikakhala m'khola ndi cow, ikafika m'mbale ndi beef. Nkhumba ndi pig, nyama yake pork. Nkhosa ndi sheep, nyama yake mutton. Walter Scott adafalitsa kudzera m'buku lake la Ivanhoe, la mu 1819, maganizo oti oweta ankatchula m'Chingerezi pomwe mabwana odya ankatchula m'Chifalansa. Akatswiri amachenjeza kuti kugawikaku kudakhazikika pang'onopang'ono, poti kale beef inkatanthauzanso ng'ombe yamoyo.

Kagwiritsidwe

Kawirikawiri mawu akale amakhala afupi ndi apafupi ndi mtima, pomwe ochokera ku Chifalansa ndi Chilatini amamveka aboma kapena a m'mabuku. Palibe lamulo lokhwima. Wolankhula amazolowera pomva ndi powerenga. Mabuku monga la George Crabb la mu 1816 ndi thesorasi ya Peter Mark Roget ya mu 1852 adasonkhanitsa mawu otere m'magulu. Zikuoneka kuti kuchuluka kwa mawuwa kumathandiza wolemba kusankha ulemu woyenera womvera wake.

Ku Malawi ndi Zambia

Chosangalatsa n'chakuti Chichewa chidabwereka mawu ena achibale awiriawiri. Shati ndi siketi zimapachikidwa limodzi pa kaunjika, ogula osadziwa kuti mayinawo adali amodzi. Hotelo ndi hositelo nazo ndi zapachibale ndi hospital, zonse zochokera ku mawu achilatini onena za malo olandirira alendo. Lero hotelo ndi ya apaulendo, hositelo ndi ya ana asukulu, ndipo kwa odwala timati chipatala.

Kwina zilankhulo ziwirizi zimagawa zinthu mosiyana. Ife timangoti nyama ya ng'ombe, nyama ya nkhumba, osasowa dzina latsopano. Kumva kwathu kumasenza hear, feel ndi understand, moti munthu amamva nyimbo, kumva njala ndi kumva zimene wauzidwa. Kubwereka ndi kubwereketsa ndi a muzu umodzi, pomwe borrow ndi lend safanana n'komwe. N'chifukwa chake m'makalasi mumamveka "borrow me your pen", ndipo aphunzitsi amakonza chaka ndi chaka. Kusiyana kwa mawu akale ndi obwera kumaonekanso bwino m'makalata ofunsira ntchito: amene pamsika amati buy, polemba amasankha purchase, ndipo home imasanduka residence. Maloya nawo adalandira kwa Angerezi chizolowezi chophatikiza mawu akale ndi obwera, monga will and testament pa chikalata chogawira chuma cha masiye.