Nkhalango ya Liwonde ndi Phiri la Mangochi

Inu a ku Mangochi mukatsika ndi ngalawa pa Shire n'kupyola nyanja ya Malombe, mudzalowa m'nkhalango ya nyama ya Liwonde. Lero tikambe za mbiri yake.

M'chaka cha 1859 Dr. Livingstone anakwera mtsinje womwewu. Sitima yake, Ma Robert, sinathe kupyola mathithi a Kapichira kumunsi uko, tsono anaisiya nayenda pansi, nafika ku nyanja yathu m'mwezi wa September. Masiku amenewo njira zambiri za kuno zinali za amalonda a minyanga ndi akapolo.

Pakati pa Mangochi ndi Namwera muona phiri lalikulu. Pamenepo panali linga la mfumu ya Ayao, Jalasi. M'chaka cha 1892 iye anathamangitsa asilikali a Angerezi nawalanda mzinga wawo, chinthu chimene mafumu ambiri sanachite. Anagonja mu 1895, ndipo Azungu anamanga linga lawolawo paphiripo. Makoma ake akalipo mpaka lero, koma wofuna kuwaona akwere ndi miyendo, ndipo asachite dzinja, pakuti kumaterera.

Boma linakhazikitsa Liwonde kukhala malo osungira nyama mu 1973. Koma lamulo la papepala silinaletse msampha. Opha nyama mobisa anatchera mawaya ponseponse, mikango inatha, ndipo njovu zinali kutuluka kukadya chimanga m'minda ndi kupha anthu. Musaiwale zimenezi, chifukwa ovutikawo anali alimi anzanu a m'mbali mwa nkhalango, amene akalima chaka chathunthu ankaona munda utatha usiku umodzi.

Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowa mu 2015, linamanga mpanda wamagetsi ndi kuzula misampha zikwizikwi. Mu 2016 ndi 2017 njovu mazanamazana zinanyamulidwa pa magalimoto kupita ku Nkhotakota. Mikango inabwerera mu 2018, ndipo chaka chomwecho nkhalango ya phiri la Mangochi inaikidwa m'manja mwa bungwe lomweli, kuti njovu zizitha kuyenda kuchokera kumtsinje kufika kuphiri.

Mukapita, pakati pa mitengo ya tsanya ndi milambe musayende nokha. Pitani ndi mlonda wa nyama. Pa ngalawa mudzaona mvuu ndi ng'ona zochuluka, tsono manja anu asalowe m'madzi. Nthawi yabwino ndi chilimwe, pamene madambo auma ndipo nyama zonse zimatsikira ku Shire kudzamwa.