Mmene Kuweta Maselo Kudasandukira Ntchito Yophunzitsidwa

Thupi la munthu ndi la nyama lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Masiku ano mankhwala ambiri amphamvu amachokera ku maselo owetedwa kunja kwa thupi, koma kale luso limeneli lidali la anthu owerengeka. Alexis Carrel, dotolo wa ku France amene ankagwira ntchito ku New York, adayamba kuweta kachidutswa ka mtima wa mwanapiye wa m'dzira m'chaka cha 1912. Antchito ake ankavala mikanjo yakuda, ndipo malamulo a m'labotale mwake adali ochuluka kotero kuti ambiri ankaiona ntchitoyo ngati yamatsenga.

Chimene chidasintha zinthu ndi nthenda ya poliyo, imene inkapundula ana zikwizikwi ku America. Jonas Salk atapanga katemera, padafunika kumuyesa pa ana a sukulu m'chaka cha 1954, kenaka n'kupima magazi awo kuti aone ngati ali ndi chitetezo. Popimapo ankasakaniza magaziwo ndi kachirombo ka poliyo, n'kuthira pa maselo amoyo. Maselowo akapulumuka, ndiye kuti mwanayo watetezedwa. Vuto lidali lakuti maselo a anyani, amene ankagwiritsidwa ntchito, adali odula ndiponso osakwanira.

Yankho lidachokera kwa mayi wachikuda, Henrietta Lacks, amene adamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero ku chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore mu 1951, ali ndi zaka 31. Madotolo adadula kachidutswa ka chotupa chake osamupempha, ndipo George Gey adapeza kuti maselo ake ankaswana mosaleka. Adawatcha HeLa. Abale a mayiyo adadzamva za nkhaniyi patapita zaka zoposa 20.

Tsono maselo adapezeka, koma owaweta mochuluka padalibe. Bungwe lolimbana ndi poliyo lidasankha sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee, m'chigawo cha Alabama. Kumayambiriro kwa 1953 aphunzitsi awiri a kumeneko, Russell Brown ndi James Henderson, adatumizidwa ku yunivesite ya Minnesota kukaphunzira. Henderson adali katswiri wa zomera, osati wa nyama. Ichi chikadamudabwitsa Carrel. Atabwerako, awiriwa adaphunzitsa antchito anzawo, amuna ndi akazi, kutsuka ndi kuwiritsa mabotolo, kusakaniza chakudya cha maselo, kusunga kutentha kofanana ndi kwa thupi, ndi kuyang'ana maselo pa makina okulitsa zinthu asadawatumize. Ntchito zake zimaoneka zonyozeka, komabe kachirombo kamodzi kakalowa m'botolo, thukuta la masabata limapita pachabe. Nyengo yotentha maselo ankafera m'njira, motero adachita kupeza njira yowalongedzera kuti afike amoyo.

Ntchito itakhwima, ankatumiza machubu okwana 20,000 pa sabata, ndipo pofika pakati pa 1955 adali atatumiza pafupifupi 600,000. Pa 12 Epulo chaka chomwecho kudalengezedwa kuti katemera wa Salk ndi wothandiza. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'dera lomwelo la Tuskegee, boma linkachita kafukufuku wa chindoko pa amuna akuda osawapatsa mankhwala, kuyambira 1932 mpaka 1972.

Kufala kwa lusoli kudabweretsanso mavuto ake. Mu 1966 Stanley Gartler adaulula kuti mitundu yambiri ya maselo imene akatswiri ankaiyesa ya ziwalo zina idali italowereredwa ndi HeLa, kaamba ka kusasamala posamutsa maselo. Ena adakana, poti zidatanthauza kuti kafukufuku wawo wa zaka zambiri adali wokayikitsa. Pang'ono ndi pang'ono, kutsimikiza mtundu wa maselo kudalowa m'gulu la zinthu zimene wophunzira ayenera kudziwa.

Makampani opanga mankhwala adadalira kwambiri maselo a nyama ina yonga mbewa, yotchedwa Chinese hamster, amene Theodore Puck adayamba kuweta mu 1957. Mankhwala oyamba ochokera ku maselo amenewa, osungunula magazi oundana m'mitsempha ya mtima, adavomerezedwa ku America mu 1987.